Gulani kwa alimi athu zikachuluka, sungani za mawa

Chaka chilichonse, kuyambira mwezi wa Novembala mpaka Januwale, mango amagwa ndi kuwolera pansi pa mitengo m'midzi yambiri ya m'boma lino la Mangochi. Chimodzimodzinso matimati m'nyengo ya madimba: amadzaza misika ya pa boma, ku Namwera, ku Malindi ndi ku Monkey Bay mpaka mlimi kufika pogulitsa dengu lonse pa mtengo wongotaya. Koma ikafika miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, mulu wa matimati anayi umakwera mtengo kotero kuti mabanja ambiri amaphika ndiwo zopanda tomato. Zipatso nazo zimasowa kwa miyezi yambiri. Banja lingathe kupewa kusowa kotereku pogula zokolola kwa alimi a m'dera lake pa nthawi imene zachuluka, n'kuzisunga pakhomo.

Nkhaniyi ikukhudza thanzi la ana athu. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Alangizi a zaumoyo amatilimbikitsa kudya magulu asanu ndi limodzi a zakudya tsiku lililonse: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Kuno kunyanja usipa ndi utaka zimatithandiza pa gulu la zanyama, koma masamba ndi zipatso ndi zimene zimayendera nyengo. Tisaiwalenso kuti mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a m'dziko muno agwidwa ndi ngozi ya chilala. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Poyamba, dziwani nthawi yogulira. Nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe, chisoso ndi therere zimachuluka m'nyengo ya mvula ndipo zimafutsika bwino cha m'Malichi ndi Epulo, mvula ikayamba kudula. Matimati, anyezi ndi mpiru zimatsika mtengo kuyambira Julaye mpaka Okutobala, pamene madimba a m'mbali mwa Shire, nyanja ya Malombe ndi mitsinje ina akukolola. Iyi ndi nyengo yabwinonso yoyanika chifukwa dzuwa limakhala lamphamvu. Mango amapsa mvula ili pafupi kapena itayamba kale, choncho ndi bwino kuyanika oyambirira mitambo isanachuluke.

Kugula kudimba kumene kuli ndi phindu pawiri. Wogula amapeza zinthu zongothyoledwa kumene pa mtengo wotsikirapo, ndipo mlimi amalandira ndalama yake popanda kulipira galimoto kapena kabaza wopita kumsika. Mabanja a m'gulu limodzi la banki mkhonde angathe kusonkha ndalama, kugula madengu angapo nthawi imodzi, n'kugawana. Pitani m'mawa dzuwa lisanafotetse masamba. Sankhani zosaphwanyika ndi zopanda mphutsi, pakuti chovunda sichikhala bwino chifukwa choyanikidwa. Funsaninso mlimiyo tsiku limene anapopera mankhwala komaliza, popeza mankhwala aliwonse ali ndi masiku ake odikira mbewu isanathyoledwe, ndipo masikuwo amalembedwa pa botolo.

Musanayambe ntchito, sambani m'manja ndi sopo ndipo tsukani zokololazo ndi madzi apamjigo kapena othira klorini. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unasautsa kwambiri boma lathu lino, unatiphunzitsa kuti madzi otunga m'nyanja kapena mu Shire osathira mankhwala si oyenera kukonzera chakudya.

Mfutso ndi luso la makolo athu, ndipo limangofunika kuwongolera pang'ono. Sadzulani masamba, muwatsuke, kenako muwaviike m'madzi owira othira mchere pang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Kuwiritsa nthawi yaitali kapena kuthira soda kumawononga mavitamini. Akakhetsa madzi, ayanikeni mopyapyala pa thandala lokwera, pamthunzi popita mphepo, osati pansi pamene pamafika fumbi, nkhuku ndi mbuzi. Masamba oyanikidwa pamthunzi amakhalabe obiriwira ndipo amasunga michere yambiri kusiyana ndi ouma padzuwa lowamba. Auma bwino akamafumbutuka powafinya m'manja.

Matimati sankhani akupsa koma olimba. Aduleni mapisi opyapyala, wazani mchere pang'ono, ndipo muwayanike padzuwa mutawaphimba ndi kansalu koyera kolowa mphepo kuti ntchentche zisaterepo. Nsaluyo isakhale neti ya udzudzu chifukwa ili ndi mankhwala. Muziwatembenuza tsiku lililonse ndi kuwalowetsa m'nyumba madzulo kuopa mame. Musadabwe dengu lonse likatsala kambale kamodzi, pakuti gawo lalikulu la tomato ndi madzi. Akauma mungathe kuwasinja kukhala ufa wothira m'ndiwo.

Mango oyenera kuyanika ndi amene angoyamba kupsa, osafewa. Mitundu ya ulusi wochepa monga Kent ndi Keitt imaduleka bwino kuposa kalisere. Sendani, dulani mapisi opyapyala, muwaviike m'madzi othira mandimu kuti asade, n'kuwayanika kwa masiku angapo mpaka azipindika osatuluka madzi. Mango otere ndi kamba wabwino wa ana a sukulu.

Ntchito yonseyi ingapite pachabe ngati kasungidwe kali kolakwika. Dikirani kuti zouma zizizire, kenako muziike m'mabotolo kapena m'ndowa zoyera, zouma ndi zotseka bwino. Chikwatu cha masamba a msuku chimene agogo athu amapachika kudenga chikadali njira yabwino, bola denga lisamadonthe. Lembani tsiku limene mwasunga ndipo yambani kudya zakale. Muziyang'anamo kawirikawiri, makamaka mvula ikayamba. Mukamva chinyezi yanikaninso msanga, koma mukaona chuku tayani, musapatse ana ngakhale ziweto. Chenjezo lalikulu ndi ili: mankhwala oteteza chimanga ku anankafumbwe asathiridwe m'mfutso, m'zipatso kapena m'nsomba zouma.

Amene akufuna kuona ndi maso mmene ntchitoyi imachitikira afunse alangizi a zaulimi ku maofesi a m'madera monga Nasenga, Mbwadzulu, Lungwena ndi Katuli, kapena alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwawo. Magulu ofuna kuphunzira pamodzi angathe kupereka pempho lawo kudzera kwa mfumu, komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena khansala wa wodi yawo. Yambani ndi dengu limodzi nyengo ikubwerayi, ndipo mudzaone kusiyana kwake pa mphika wanu m'mwezi wa Febuluwale.