Kamera ya full-frame: mtengo usamathere pa mamegapikiselo

Ojambula maukwati ndi zinkhoswe ku Chitipa akafika m'mashopu a ku Tunduma kapena ku Nakonde kufuna kamera yogwirapo kale ntchito, wogulitsa amathamangira kutchula mamegapikiselo. Koma chobweza ndalama ndi sensa, kachipangizo kolandira kuwala kuseri kwa lenzi.

Sensa ya full-frame ndi yamamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Imaposa kawiri ya APS-C ya m'makamera otsikirako mtengo, n'chifukwa chake imajambula bwino m'tchalitchi magetsi atathima.

Koma ma full-frame nawo si ofanana. Canon 6D ya 2012 ili ndi mamegapikiselo 20, Nikon D750 ya 2014 ili ndi 24, pomwe D810 ya chaka chomwecho ili ndi 36. D810 ndi yabwino pa zithunzi zikuluzikulu zapakhoma, koma imadzaza khadi msanga. Kwa wochapitsa zithunzi za mu alubamu, 20 ndi okwanira. Pamene D750 imaposera 6D ndi padzuwa lamasana: suti yakuda ya mkwati ingathe kuwalitsidwa pakompyuta osatuluka timadontho, diresi la mkwatibwi likuonekabe bwino.

Asanalipire, wogula ajambule khoma loyera pa f/16. Madontho osachoka sensa itapukutidwa ndi chizindikiro choti inakandika. Afunsenso kuti shata yajambula kangati.

Ochokera ku Canon yaing'ono akumbukire kuti malenzi a EF-S salowa pa 6D. Mtengo wa lenzi yatsopano uwerengedwe asanakwere basi.