Apilo: Zimene Khoti Lapamwamba Limaunika ndi Loya Woyenera Ntchitoyi

Apilo ndi pempho limene munthu wosakhutira ndi chigamulo amapereka ku khoti lapamwamba kuti liunike ngati woweruza woyamba analakwitsa, ndipo m'Malawi muno njira yake ndi yodziwika: chigamulo cha majisitireti chimapita ku High Court, imene imakhala ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, pamene cha High Court chimapita ku Supreme Court of Appeal, khoti limene mawu ake ndi omaliza. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko a mu 1994 limapereka ufuluwu kwa aliyense wopezeka wolakwa.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti mboni kawirikawiri siziitanidwanso, chifukwa oweruza a apilo amagwira ntchito ndi fayilo ya mlandu, ndiye kuti zonse zimene khoti loyamba linalemba: umboni, mafunso a mbali zonse ziwiri ndi zifukwa za chigamulo. Wochita apilo ayenera kuloza m'fayilomo pamene lamulo linatanthauziridwa molakwika, pamene umboni wosayenera unalandiridwa, kapena pamene chilango chinapitirira muyeso, ndipo kungodandaula kuti chigamulo chawawa sikumveka m'khoti. Umboni watsopano umaloledwa mwa apo ndi apo, makamaka ngati sunkatheka kupezeka pa nthawi yozenga mlandu, pamene munthu amene anavomera yekha mlandu nthawi zambiri amangotsala ndi mwayi wotsutsa chilango, chimenenso khoti lili ndi mphamvu yochiwonjezera likaona kuti chinachepa.

Nthawi nayo siidikira munthu: pa mlandu waupandu woweruzidwa ndi majisitireti, chidziwitso cha apilo chimaperekedwa pasanathe masiku 10, ndipo wochedwa ayenera kuyamba wapempha chilolezo, atafotokoza chimene chinamuchedwetsa. Komanso apilo payokha siimitsa chigamulo, kotero kuti wam'ndende amakhalabe m'ndende pokhapokha atapatsidwa belo, imene pa siteji imeneyi imaperekedwa pa zifukwa zapadera zokha.

Mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha mu 2019 unaonetsa zina mwa izi poyera. Oweruza 5 a High Court atafafaniza zotsatira pa 3 February 2020, Peter Mutharika, amene anali atalengezedwa kuti wapambana, ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC anachita apilo n'kupemphanso kuti chigamulocho chiyambe chaimitsidwa, koma pempholo linakanidwa, ndipo pa 8 May Supreme Court inagwirizana ndi khoti loyamba. Maloya a ku South Africa amene MEC inafuna kuti aiyimire sanaloledwe, umene ndi umboni wakuti loya, ngakhale wotchuka kwawo, sangayankhule m'khoti la dziko lino popanda kuvomerezedwa.

Wofuna loya, tsono, ayambe watsimikiza ku Malawi Law Society kuti munthuyo ali ndi laisensi ya chaka chimenecho, pakuti alipo akamberembere amene amayendayenda pafupi ndi makhoti n'kumadyera anthu ndalama. Kenako afunse ngati loyayo anachitapo apilo, chifukwa luso lopanikiza mboni ndi mafunso n'losiyana ndi luso lowerenga fayilo yaitali n'kulemba mfundo zogwira mtima oweruza, ndipo loya wolonjeza chipambano asanaione n'komwe fayiloyo ndi wofunika kumukayikira. Za malipiro zilembedwe pa pepala ntchito isanayambe. Amene alibe ndalama angapite ku Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, pamene wam'ndende angathe kupereka chidziwitso chake cha apilo kudzera kwa mkulu woyang'anira ndendeyo, masiku 10 aja asanamutayitse mwayi, loya n'kupezeka pambuyo pake.