Mapiri okongola, lendi yowawa mumzinda wa Boise

Kukacha mumzinda wa Boise m'dziko la America, munthu akasuzumira pazenera amaona mapiri atandandalika chakumpoto. M'nyengo yozizira nsonga zake zimayera mbee ndi chipale chofewa, pomwe m'chilimwe udzu umauma n'kufiira. Koma kwa banja lokhala m'nyumba ya lendi, kukongolaku kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umaoneka pa 1 mwezi uliwonse.

Boise ndi likulu la chigawo cha Idaho, kuzambwe kwa dzikolo. Si mzinda waukulu ngati New York kapena Los Angeles. Kalembera wa m'chaka cha 2020 anapeza kuti munali anthu 235,684, kuchoka pa 205,671 m'chaka cha 2010. Kwa zaka zambiri mzindawu unkadziwika ngati malo abata, komwe mphunzitsi kapena namwino ankatha kupeza nyumba yabwino osatuluka thukuta kwambiri.

Zokopa anthu zilipo zambiri. Mtsinje wa Boise umadutsa pakati pa mzindawu ndipo m'mbali mwake muli kanjira ka oyenda pansi ndi apanjinga kotalika makilomita pafupifupi 40, kotchedwa Greenbelt. Kukatentha, mabanja amakwera machubu n'kumayandama pamtsinjewu kuchokera ku Barber Park mpaka ku Ann Morrison Park. Kukazizira, amakwera phiri kupita ku Bogus Basin, mtunda wosakwana ola limodzi pagalimoto, kukachita masewera otsetsereka pa chipale.

Ntchito nazo zilipo. Kampani ya Micron, yomwe imapanga tizipangizo tosunga zinthu m'makompyuta ndi m'mafoni, inayambira mumzindawu m'chaka cha 1978. Nawo masitolo a Albertsons anabadwira komweko m'chaka cha 1939.

Koma paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mbiri ya mzindawu itamveka, eni mudzi anazindikira kuti zomwe ankaziyesa zawo zayamba kuwapulumuka. Pakati pa 2010 ndi 2020, chiwerengero cha anthu m'chigawo cha Idaho chinakwera ndi 17.3 peresenti, kuposa zigawo zonse kupatula Utah.

Zinthu zinafika pothina m'chaka cha 2020 kutagwa mliri wa Covid-19. Makampani ambiri analola antchito awo kugwirira ntchito pakhomo kudzera pa intaneti. Anthu a m'zigawo zodula monga California ndi Washington anagulitsa nyumba zawo n'kuthamangira ku Boise ali ndi ndalama m'thumba komanso malipiro a m'mizinda ikuluikulu. Pofika chaka cha 2022, mtengo wapakatikati wa nyumba m'boma la Ada, momwe muli mzindawu, unapitirira $600,000.

Nyumba zogula zikakwera mtengo, amalira koyamba ndi a lendi. Mabanja omwe ankafuna kugula analephera, n'kupitiriza kukhala m'mafulati, zomwe zinachititsa kuti ofuna nyumba achuluke kuposa nyumbazo. Eni nyumba anaona mpata wokweza lendi.

Kupeza nyumba ya lendi kumeneko si nkhani yongogwirana chanza ndi landilodi. Munthu amalemba fomu n'kulipira ndalama yosabwezedwa yoti afufuzidwe. Amamufufuza ngati amabweza ngongole bwino, ngati anapalamulapo mlandu komanso ngati anathamangitsidwapo m'nyumba ina. Eni nyumba ambiri amafuna umboni woti malipiro ake ndi ochuluka katatu, kapena pafupifupi katatu, poyerekeza ndi lendiyo. Akamuvomera amasaina pangano, kawirikawiri la chaka chimodzi, n'kupereka lendi ya mwezi woyamba pamodzi ndi dipoziti. Woweta galu kapena mphaka nthawi zambiri amawonjezerapo ina.

Masamu ake ndi omwe amaliza anthu. Malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo ku Idaho akhala pa $7.25 pa ola kuyambira m'chaka cha 2009. Wogwira maola 40 pa sabata pa malipiro amenewa amapeza pafupifupi $1,260 pa mwezi asanadulidwe msonkho, pomwe fulati ya zipinda ziwiri zogona imadutsa $1,000. N'zoona kuti ambiri amalandira zoposa pamenepo, komabe akatswiri a zanyumba m'dzikolo amati banja lomwe lendi ikulidyera ndalama zoposa 30 peresenti ya zomwe limapeza ndiye kuti lili pamavuto. Ophika m'malesitilanti, osamalira okalamba ndi ogulitsa m'masitolo ambiri amapyola muyeso umenewu.

Malamulo nawo sakondera wa lendi kwenikweni. Akalephera kulipira, mwini nyumba amatha kum'patsa kalata ya masiku atatu okha kuti alipire kapena atuluke, apo ayi nkhani ipita kukhoti. Lamulo siliika malire pa kakwezedwe ka lendi. Limangoti munthu adziwitsidwe kudzera m'kalata kutatsala masiku 30. Akasamuka, dipoziti imayenera kubwezedwa pasanathe masiku 21, kapena 30 ngati anagwirizana choncho.

Khonsolo ya mzindawu inayesa kulowererapo. M'chaka cha 2019 inalamula kuti ndalama ya fomu yofunsira nyumba isapitirire $30. Koma m'chaka cha 2024 nyumba ya malamulo ya chigawo cha Idaho inakhazikitsa lamulo loletsa makhonsolo kuika malire pa lendi, dipoziti ndi ndalama zina zotere. Ochirikiza lamuloli ankati nyumba ndi katundu wa mwini wake, ndipo boma likachulutsa malamulo anthu amasiya kumanga nyumba zobwereketsa.

Ogonja ndi lendi ya mumzinda amasamukira m'matauni oyandikana nawo monga Meridian, Nampa ndi Caldwell. Meridian yokha inakula kuchoka pa anthu 75,092 m'chaka cha 2010 kufika pa 117,635 m'chaka cha 2020. Koma ndalama yomwe apulumutsa pa lendi imakathera pa mafuta, chifukwa mabasi ndi ochepa ndipo popanda galimoto moyo ndi wovuta. M'mawa uliwonse msewu waukulu wa Interstate 84 umadzaza ndi anthu othamangira kuntchito mumzinda womwe sangakwanitse kugonamo.

Nyengo nayo ili ndi bilu yake. M'miyezi ya July ndi August kumatentha kupitirira madigiri 35, ndipo utsi wa moto wolusa wa m'nkhalango nthawi zina umaphimba mapiri aja kwa masiku angapo. Mu December ndi January madzi amaundana panja, choncho nyumba imafunika kutenthetsedwa usana ndi usiku.

Ena amathera panja penipeni. Mlandu wotchuka wa Martin v. Boise unachokera mumzinda womwewu. M'chaka cha 2018 khoti la apilo linagamula kuti n'kulakwa kulanga munthu chifukwa chogona panja ngati m'malo osungira osowa pokhala mulibe malo. Koma mu June 2024 khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo, pozenga mlandu wina wa mzinda wa Grants Pass, linatembenuza chigamulocho n'kupatsa makhonsolo mphamvu zoletsa kugona m'malo opezeka anthu onse.

Chiyembekezo chilipo ndithu. Chiwongoladzanja cha ngongole zogulira nyumba chitakwera m'chaka cha 2022, mpikisano wa ogula unazizirako, ndipo mafulati atsopano anamangidwa ambiri. M'chaka cha 2023 khonsolo, motsogozedwa ndi meya Lauren McLean, inasintha malamulo a kamangidwe kuti papuloti imodzi pazitha kumangidwa nyumba zingapo.

Ngati zimenezi zidzabweze m'tauni mabanja omwe anasamukira ku Nampa ndi Caldwell, zioneka m'tsogolomu. Padakali pano, mayi wophika mulesitilanti ya pakati pa Boise amadzuka kudakali mdima, kusiya ana ali mtulo, ndipo mapiri aja amangowaonera pawindo la galimoto ali pamzere wa mumsewu.