Mgaiwa wokha sutsitsa shuga, nkhani yagona pa kukula kwa mtanda

Munthu akangopezeka ndi matenda a shuga, uphungu woyamba umene amamva kwa achibale ngwakuti asiye ufa woyera n'kuyamba mgaiwa. Ku Nambuma, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, komwe mabanja amadalira chimanga, mtedza, soya ndi fodya, uphunguwu wapeza unzake wochokera m'tauni. Ena mwa ana okhala mumzinda akumaimbira foni makolo awo kuwauza kuti aleke nsima kotheratu, potsatira kadyedwe kochepetsa zakudya zokhutitsa kamene kafala pa WhatsApp ndi Facebook. M'mauphungu onse awiri muli choona, komanso muli mbuna.

Nsima siitsekemera, n'chifukwa chake ambiri savomereza kuti ingakweze shuga. Koma sitalichi yemwe ali m'chimanga, mpunga, chinangwa, mbatata, kachewere ndi buledi ndi timagawo ta shuga tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Chakudya chikafika m'matumbo ulusiwo umaduka, ndipo shugayo amalowa m'magazi n'kufika pachimake patatha pafupifupi ola limodzi. Apo kapamba amatulutsa insulini, imene imatsegulira shuga njira yolowera m'minofu kuti akasanduke mphamvu. Kwa wodwala, insuliniyo imaperewera kapena thupi siliimvera, choncho shuga amangozungulira m'magazi ndipo pakapita zaka amawononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi. Kafukufuku wa dziko lonse wa STEPS wa m'chaka cha 2009 adapeza vutoli mwa anthu pafupifupi 6 pa 100 alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64.

Nanga mgaiwa umasiyana bwanji ndi ufa wina? Akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda adayesa zimenezi, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa m'chaka cha 2016. Adadyetsa anthu 11 athanzi nsima ya mitundu itatu n'kumayeza magazi awo. Pa muyeso umene shuga weniweni wa gulukosi amapatsidwa 100, nsima ya mgaiwa idafika pa 94, ya gramilu pa 110, pamene ya ufa woyera, uja wa mphale yoviika masiku angapo, idaima pa 65. Kusasa kumene kumadza poviika mphale kumadziwika kuti kumachedwetsa kagayidwe ka chakudya.

Anthu 11 ngochepa, ndipo sadali odwala shuga, kotero palibe ayenera kutaya mgaiwa chifukwa cha kafukufuku mmodzi. Gaga yemwe amatsala mu mgaiwa ali ndi michere imene imatayika pokonola. Komabe zotsatirazi zikugwetsa chikhulupiriro chakuti wodwala akasintha ufa ndiye kuti akhoza kudya mitanda inayi mtima uli m'malo.

Kadyedwe kochepetsa zokhutitsa nthawi zambiri kamatanthauza sitalichi ndi shuga wosapitirira magalamu 130 patsiku. Ufa wachimanga wolemera magalamu 100 uli kale ndi magalamu pafupifupi 70 a sitalichi, ndiye ufa wosakwana magalamu 200 watha kale gawo la tsiku lonse. Mlimi amene wamwa phala la shuga m'mawa, thobwa kumunda, nsima masana ndi madzulo, amaudumpha mlingowo kangapo. Zakumwa zotsekemera ndiye zoipitsitsa, poti zimalowa m'magazi popanda chozichedwetsa.

Mwayi wa Nambuma ngwakuti zodzazira mbale zili pakhomo pomwepo. Mtedza, soya ndi mazira sizikweza shuga kwenikweni. Nyemba ndi khobwe zili ndi sitalichi ndithu, koma amagayika pang'onopang'ono. Nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso kapena therere zikatenga theka la mbale, usipa kapena nyemba mbali ina, mtanda umodzi wapakatikati umakwana ndipo shuga sakwera mothamanga. Chovuta ndi mwambo wathu wa kadyedwe, umene umaona ndiwo ngati chotsitsira nsima chabe, komanso thumba: soya ndi mtedza wambiri amathera kwa mavenda nthawi yokolola, ndipo pofika Januwale ndiwo zomanga thupi zimakhala zitasowa.

Mbuna yaikulu ili kwa amene ali pa mankhwala. Metformin payekha kawirikawiri satsitsa shuga mopitirira muyeso. Koma glibenclamide, amene odwala ambiri amalandira m'zipatala za m'dziko muno, amakakamiza kapamba kutulutsa insulini kaya munthu wadya kapena ayi, ndipo jakisoni wa insulini naye sadikira chakudya. Mayi amene wamwa mapiritsi ake m'mawa, wamvera mwana wake wa m'tauni n'kusiya nsima, kenaka n'kukagwira khasu dzuwa likuswa mtengo, akhoza kukomoka m'munda. Shuga akatsika kupitirira 70 pa kamakina koyezera mu mg/dL, munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, kuchita chizungulire ndi kuyankhula zosokonekera ngati woledzera. Ngati akutha kumeza, apatsidwe msanga madzi osungunuliramo masipuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga, kenaka chakudya. Wokomoka asamwetsedwe kanthu koma athamangire naye kuchipatala, ndipo kuchokera m'midzi ya ku Nambuma ulendo wa ku Kabudula, ku St Gabriel's ku Namitete kapena ku Kamuzu Central suli wapafupi, makamaka nthawi yadzinja.

Choncho wofuna kuchepetsa nsima ayambe wauza dokotala amene amamulembera mankhwala, kuti mlingo wa mankhwalawo utsike limodzi ndi mitanda. Amayi oyembekezera, ana ndi odwala impso asayese kadyedweka paokha. Ndipo wachibale wa m'tauni wofunadi kuthandiza angachite bwino kugula kamakina koyezera ndi timapepala take. Kuyeza asanadye, kenaka patatha maola awiri atadya, kumaonetsa mmene mtanda umodzi kapena iwiri, wa mgaiwa kapena wa ufa woyera, ukuchitira m'thupi la mayiyo, pakuti ngakhale ku Bunda kuja anthu odya nsima yofanana shuga wawo sadakwere mofanana.