Kuweruziratu si Kuganizira

Ku Shikabeta, dera la Asoli m'boma la Rufunsa ku Zambia, mlandu ukafika kwa mfumu, mbali zonse ziwiri zimayamba zalankhula. Amene wagamula asanamve mbali inayo timati waweruziratu. Kachigawo komalizako, "-ratu", kamasonyeza kuchita chinthu nthawi yake isanakwane, monga kuguliratu feteleza mvula isanagwe.

Kuganizira munthu ndi kumukayikira chabe, umboni palibe. Tsankho ndiye loipitsitsa, chifukwa limaweruziratu mtundu wonse wa anthu.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mwana akamwalira ndi malungo, ena amathamangira kuloza chala agogo a imvi kuti ndi mfiti, osafunsa n'komwe zimene achipatala apeza. Kumeneko ndiko kuweruziratu koopsa. Abale anga, dziwani kuti lamulo la Witchcraft Act ku Zambia limaletsa kutchula munthu mfiti.