Makina a kafukufuku amalowa ulere, koma sagwira ntchito ulere

Mtedza ukangouma m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, mavenda amakhala atakoleka kale masikelo awo pansi pa mitengo, kuyambira pa Malomo mpaka pa Mponela. Wogula amatapa dzanja limodzi, kuuyang'ana, kutafuna njere ziwiri, basi mtengo agwirizana. Koma chimene chingabweze thumba limenelo pa doko la ku Ulaya, kapena kuwononga chiwindi cha mwana amene adzadye nsinjiro zake, maso sachiona. Ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, wochokera ku chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus. Kuti udziwe ngati alimo, ndiponso kuti alimo wochuluka bwanji, pamafunika makina. Makinawo sitipanga kuno.

Chuku chimenechi chimakonda mtedza umene wavutika ndi ng'amba usanakhwime, umene makoko ake aboola chiswe, komanso umene wasungidwa usanaume. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usavute kusenda, kapena kuti ulemere pa sikelo, ndiye chimachiitana chukucho ndi manja awiri. Kukazinga kapena kuphika sikuthetsa poizoniyu. Munthu akamamudya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri akhoza kudwala khansa ya chiwindi, makamaka ngati ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B. Akamudya wambiri nthawi imodzi, imfa sichedwa: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chachuku.

Mayiko a European Union salola mtedza wodya anthu kupitirira mamaikulogalamu 4 a aflatoxin pa kilogalamu. Amenewo ndi magawo anayi pa magawo biliyoni imodzi. Kuti apeze kanthu kochepa chonchi, katswiri wa mu labotale amatapa mtedza m'matumba osiyanasiyana, kuupera mpaka ukhale ufa, kuusakaniza ndi methanol, kenako kusefa. Madzi osefedwawo amawadonthezera m'timaenje ta mbale yapulasitiki momwe muli mankhwala osintha mtundu, ndipo makina ena amawerenga kuti mtunduwo wasintha motani. Njira imeneyi, ya ELISA, ndi imene bungwe la ICRISAT pa Chitedze linathandiza alimi a NASFAM kugwiritsa ntchito poyesa kubwerera pa msika wa ku Ulaya, umene Malawi inali itautaya. Akafuna yankho losakayikitsa konse amagwiritsa ntchito makina a HPLC, omwe mtengo wake ndi madola zikwi makumi angapo. Mbale, methanol, makina owerengera, ngakhale tizipangizo totapira madontho, zonsezo zimachokera kunja, kudzera pa Beira, Nacala, Dar es Salaam, Durban, kapena pa ndege yotera pa Lumbadzi, pakhomo penipeni pa Dowa.

Apa ndi pamene nkhani ya msonkho imalowera.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, bungwe la UNESCO linaona kuti si nzeru kuti boma lizikhomera msonkho pa buku kapena pa maikulosikopu ngati mmene limachitira pa fodya ndi mowa. Mu 1950 mayiko anavomerezana pangano lomwe limadziwika ndi dzina la mzinda wa Florence, ku Italy, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1952. Malawi inalowa nawo mu 1965, chaka chimodzi chitangopita chilandirireni ufulu. Panganoli limati zida za sayansi zilowe popanda msonkho wa kasitomu, koma pali zoyenera kukwaniritsa. Chidacho chikhale cha maphunziro kapena kafukufuku basi. Chipite ku sukulu kapena bungwe limene boma lalivomereza. Ndipo m'dziko lomwe chikulowalo musakhale fakitale yopanga chida china chogwira ntchito yofanana.

Mfundo yomalizayi ku America amaitenga mwamphamvu. Yunivesite ikafuna maikulosikopu ya ku Germany kapena ku Japan popanda msonkho, imalemba pempho, boma n'kulengeza pempholo poyera kuti kampani ya komweko imene ikuti imapanga zofanana itsutse. Kwathu kuno palibe amene angaimirire kunena kuti HPLC amaipangira ku Kanengo. Ndiye funso la kwathu si lakuti kodi chidacho n'choyenera kulowa ulere, koma kuti chituluka liti m'nyumba ya kasitomu, ndipo chikatuluka chidzakhala moyo zaka zingati.

Amene amayang'anira zipata ndi a Malawi Revenue Authority, bungwe lomwe linayamba ntchito m'chaka cha 2000. Ulere sumangobwera wokha chifukwa pa bokosi palembedwa dzina la yunivesite. Bungwe limayenera kupempha, kusonyeza mapepala ogulira, kufotokoza kuti chidacho ndi cha ntchito yanji, ndipo wothandiza kuombola katundu alembe nambala yoyenera mu kompyuta ya kasitomu. Aliyense amene anaombolapo katundu akudziwa kuti pepala limodzi likasowa, bokosi limagona, ndipo mwini nyumba yosungiramo amawerenga masiku. Kwa sikelo ya mu labotale kugona koteroko si kanthu. Kwa mankhwala oyezera, amene ambiri amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, sabata imodzi pamalo otentha ndi yokwana kuti ndalama zonse zilowe m'madzi.

Sitinganyoze a kasitomu chifukwa chofunsa mafunso. Katundu wolowa ulere ndi msonkho umene boma lasiya dala, ndalama zomwe zikanagula mankhwala pa chipatala cha Ntchisi kapena kukonza msewu wa ku Mvera. Firiji ndi firiji, laputopu ndi laputopu. Ikhoza kulembedwa kuti ndi ya kafukufuku n'kukapezeka pa shelefu ya sitolo. N'chifukwa chake lamulo sililola kugulitsa katundu wotere popanda kulipira msonkho umene unakhululukidwa. Chofunika n'chakuti kufunsako kuzichitika katundu asananyamuke kumene akuchokera, osati atafika kale.

Wina anganene kuti zonsezi ndi nkhani za madokotala a ku Blantyre ndi aphunzitsi a ku Bunda. Ayi. Pa 23 Epulo 2019 Malawi inakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera m'zipatala wamba, ndipo Ntchisi inali m'gulu la maboma oyambirira. Katemerayu ankaperekedwa uku akatswiri akulondola ngati ana akudwala matenda oumitsa khosi kapena malungo a mu ubongo kuposa kale. Kulondola kotero sikuchitika ndi maso. Pamafunika singano zotapira madzi a pamsana, maikulosikopu, mafiriji osunga zimene zatapidwa, ndi makina ozindikira tizilombo. Zimene zinapezeka ku Malawi, Ghana ndi Kenya ndi zimene zinachititsa bungwe la WHO kuvomereza katemerayu mu Okutobala 2021 kuti aperekedwe m'mayiko ena. Ana a m'mapiri muno anathandiza kuyankha funso la Africa yense, ndipo zida zoyankhira zinadutsa pa kasitomu.

Taonaninso makina a GeneXpert oyezera chifuwa chachikulu, amene tsopano ali m'zipatala za m'maboma. Ndi kabokosi kosaposa ka wailesi yakanema yakale, kolumikizidwa ku kompyuta. Makhololo amene afika pa njinga yamoto kuchokera ku chipatala chaching'ono amasakanizidwa ndi mankhwala, kuthiridwa m'kakatiriji kapulasitiki kokwana m'dzanja, n'kukalowetsa m'kachitseko. Pasanathe maola awiri makina amanena ngati muli TB, ndiponso ngati TB yakeyo ikukana mankhwala a rifampicin. Kale, poyang'ana pa maikulosikopu, odwala ambiri ankaphonyedwa, makamaka amene ali ndi HIV. WHO inavomereza makinawa mu Disembala 2010.

Koma katiriji imagwira ntchito kamodzi kokha, kenako n'kutayidwa. Kuyambira 2012 imodzi inkagulidwa pa madola 9.98, ndipo mu 2023 mtengo unatsika kufika pa madola 7.97. Makinawo safuna chipinda chotentha kupitirira madigiri 30, amadana ndi fumbi, amafuna kuwongoleredwa chaka chilichonse, ndipo magetsi akathima kuyeza kuli pakati, popanda batire lothandizira, katiriji imeneyo yapita. Zili ngati chigayo cha mphatso: tsiku lofika mudzi wonse umavina, koma dizilo, malamba ndi zisefa ndiye nkhani ya mwezi uliwonse. Amene analemba pangano la Florence anadzazindikira zimenezi. Mu 1976 ku Nairobi anawonjezera kuti zida zosinthira zowonongeka ndi zipangizo zokonzera makina a sayansi nazonso zizilowa ulere m'mayiko ovomereza gawo latsopanolo.

Ngakhale msonkho utachoka wonse, pali khoma lina lalitali kuposa la kasitomu, lomwe ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Labotale imene bajeti yake ili m'makwacha inadzuka m'mawa n'kupeza kuti botolo lomwe lija la methanol likufuna ndalama zambiri kuposa dzulo. Ndipo kukhala ndi makwacha sikutanthauza kuti banki ikupatsa madola sabata yomweyo. Apa ndi pamene pamasiyana mabungwe othandizidwa kuchokera kunja, monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre ndi UNC Project ku Lilongwe, ndi labotale ya boma imene imadikira ndalama za ku Capital Hill. Lamulo la msonkho ndi limodzi, koma wina makina ake amalira tsiku lililonse pamene a mnzake avundikiridwa nsalu.

Makina ovundikiridwa ndi ambiri kuposa mmene timaganizira. Akatswiri a ku Duke University mu 2011 anaunika zida za m'zipatala zoposa 112,000 m'mayiko 16 osauka ndipo anapeza kuti 38 pa 100 zilizonse sizinkagwira ntchito. Zifukwa zake zinali zodziwika: kusowa kwa zosinthira, kusowa kwa anthu ophunzitsidwa kukonza, ndi magetsi osadalirika. Ine ndimaona kuti pempho lililonse lolowetsa makina ulere likanamayankha funso limodzi lowonjezera, lakuti adzawakonza ndani, ndipo ndi ndalama ziti.

Kusowa makina nakonso kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi nthawi. Mwana wina wa ku Lilongwe amene anadzapezeka ndi poliyo anayamba kufooka miyendo mu Novembala 2021. Zoyeza zinapita ku Johannesburg, kenako ku Atlanta, ndipo boma linalengeza za mliriwo pa 17 Febuluwale 2022, zitadziwika kuti kachilomboko n'kofanana ndi ka ku Pakistan. Miyezi itatu imeneyo kachilombo sikanali kudikira mapepala.

Mfundo ija yakuti chida chisakhale chopangidwa m'dziko momwemo sinayambe kutivutitsa, koma pali zizindikiro zakuti tsiku lake likhoza kufika. Makina a Pumani othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma anakonzedwa ndi ophunzira a Rice University mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a pa Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo anafalikira m'zipatala za m'maboma. Ku MUBAS ndi ku MUST achinyamata akuphunzira uinjiniya wa zida zachipatala. Iwowa akafuna kupanga chida chawo amayitanitsa timawaya, timapampu ndi tizipangizo toyezera, zomwe pa pepala la kasitomu zimaoneka ngati katundu wamba wa zamagetsi. Pangano la Florence linalembedwa poganizira munthu wogula makina athunthu kunja, ndipo silinena kanthu za wogula zidutswa kuti makinawo awapangire ku Blantyre kapena ku Thyolo.