Ludzu si nkhuli, si chibaba

Achinyamata a ku Zingwangwa ndi ku Chilomoni akamanyozana pa Facebook kuti uje ndi "thirsty", sakunena za madzi. M'Chingerezi mawuwa poyamba ankanena za munthu wouma kukhosi, koma lero amagweranso wosusukira chibwenzi kapena wofunitsitsa kuonedwa ndi kuyamikiridwa. Chichewa chimalekanitsa zimenezi, ndipo ndikuona kuti chimakhoza. Wolakalaka nyama ali ndi nkhuli. Wosuta amene fodya wamuthera, mtima osakhazikika, wagwidwa ndi chibaba. Mwamuna wosaugwira mtima akaona akazi ndi wachimasomaso. Ludzu ndi la madzi.

Mu Blantyre kusiyanitsaku n'kofunika. Madzi ambiri a Blantyre Water Board amatungidwa mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kupopedwa ndi magetsi kukwera chitunda kudzera ku Chileka. Damu la Mudi limangothandizira pang'ono. Magetsi akazima ku Walker's Ferry kapena ku Chileka mipopi imauma, ndipo zimawawa kwambiri kumtunda kwa Ndirande, ku Bangwe ndi ku Machinjiri. Kumeneko zigubu zachikasu zimayamba kufola pa kiyosiki kusanache, eni ake atakhala pambali, chitenje chili m'mapewa. Wotopa ndi kudikira amatsikira kuchitsime kapena kumtsinje wa Nasolo, ngakhale akukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023. Nkhuli imadikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, chibaba munthu amachigonjetsa akalimba mtima, koma mwana waludzu sungamuuze kuti apirire mpaka Loweruka.

Wina atsutsa kuti nafenso timati "tiyeni tikaphe ludzu" polowera kumene akugulitsa Chibuku, ndipo alaliki amakamba za ludzu la mzimu. N'zoona, ndipo chinenero sichikhala mumpanda. Koma womwa mowa amadziwa kuti akudzikhululukira mwanthabwala, pomwe mlaliki akubwereka kulemera kwa mawuwa kuti akweze uthenga wake. Onse awiri akuvomereza kuti ludzu ndi chinthu chosachititsa manyazi. "Thirsty" wa pa intaneti ndiye wapotoza, wasandutsa ludzu chitonzo. Chikhalirecho ku Ndirande, kumene ndowa iliyonse amachita kugula, mlendo akaima pakhomo n'kunena kuti "Odi amayi, ndithandizeniko madzi akumwa", amamutungira kapu yodzaza osamufunsa dzina.